Kuchoka pa $375 kufika pa $4,000: nkhani ya fakitale ina ya makabati ku Pennsylvania

Foni inalira tsiku lina mu February 2021, kunja kuli kozizira koopsa. Oimbawo anali mwini fakitale ina yaing'ono yopanga makabati a kukhitchini, chapakati pa chigawo cha Pennsylvania ku America. Dzina lawo ndi la fakitale sinditchula, ndizingoti bambo aja. Tsikulo ngakhale moni anaiwala. "Kwabwera pepala lakuti ndilipire $4,000 ya chilolezo cha mpweya. Chaka chatha ndinalipira $375. Kodi kompyuta yawo yasokonekera?"

Kompyuta sinasokonekere. Ntchito yanga ndi yothandiza mafakitale ang'onoang'ono pa za zilolezo zotere: kuwerengera zomwe akutulutsa m'chumuni, kulemba mafomu, kuyankha makalata a boma. Mwezi umenewo mafoni ngati amenewa ndinalandira angapo, koma nkhani iyi ndi yomwe ndasankha kulembera anzanga a ntchito imodzi, chifukwa yankho lake silinali pamene tonse tinkalifunafuna, komanso chifukwa penapake ine ndinalakwitsa.

Kumene $4,000 inachokera

Lamulo la dziko la America loteteza mpweya, la Clean Air Act, litakonzedwanso mu 1990, gawo lake lotchedwa Title V linati mafakitale akuluakulu oipitsa mpweya azikhala ndi chilolezo chogwirira ntchito, ndipo ndalama zoyendetsera zilolezozo zizichokera m'thumba la mafakitale omwewo. Muyeso woyambira unali $25 pa tani iliyonse, kumakwera ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu, kuwerengera mpaka matani 4,000 pa mtundu uliwonse wa choipitsa. Pennsylvania inakweza mtengo wake kufika $85 pa tani mu 2013.

Vuto la ndalama yodalira utsi ndi lakuti utsi ukachepa nayonso imachepa. Malo opangira magetsi ndi malasha, omwe ankalipira zambiri, ena anaika zosefera, ena anasinthira ku gasi, ena anatsekeratu: Hatfield's Ferry ndi Mitchell mu 2013, Bruce Mansfield mu 2019. Mpweya unayera, thumba lomwe ndalamazi zimalowamo, la Clean Air Fund, linayamba kuphwa. Koma ntchito ya ogwira ntchito ku dipatimenti ya zachilengedwe ya chigawochi, DEP, sinachepe nawo. Fakitale yotulutsa zochepa imafunabe munthu woti awerenge malipoti ake, akaiyendere, aikonzere chilolezo china chikatha. Ndiponso lamulo sililola kuti ndalama za Title V zigwire ntchito ya mafakitale ang'onoang'ono, pamene $375 yomwe iwo ankalipira inali itakhala osasintha kwa zaka zambiri.

Mitengo yatsopano inasindikizidwa pa 16 January 2021. Chachikulu chomwe chinasintha ndi chakuti kunabwera ndalama ya chaka ndi chaka yosayang'ana kuchuluka kwa utsi, koma gulu la chilolezo chomwe uli nacho. Fakitale ya Title V, $8,000 pa chaka kuwonjezera pa ndalama ya matani ija. Fakitale ya gulu la synthetic minor, $4,000. Ya gulu la natural minor, $2,000. Ndipo lamulolo linaneneratu kuti mu 2026 mitengoyi ikwera kufika $10,000, $5,000 ndi $2,500, kenako mu 2031 ikweranso. Ku Philadelphia ndi ku Allegheny County ali ndi maofesi awoawo a za mpweya, choncho wa makasitomala akumeneko asatengere mitengo iyi.

Kusiyana kwa magulu awiri ang'onoang'onowo ndiye mutu wa nkhani yonse. Boma likamaika fakitale m'gulu siliyang'ana zomwe inatulutsa chaka chatha. Limayang'ana zomwe ingathe kutulutsa itati igwire ntchito usana ndi usiku osapuma, maola 8,760 pa chaka, makina onse ali pa mphamvu yawo yonse, ndi penti woipitsitsa yemwe makinawo angalandire. Pa ntchito pathu timangoti PTE. Ngati PTE ili pansi pa malire a fakitale yaikulu mwa iyo yokha, ndiwe natural minor. Ngati ikupitirira malirewo koma wavomera kudzimanga ndi malire olembedwa m'chilolezo kuti usafikeko, ndiwe synthetic minor. M'dera la bambo aja malirewo ndi matani 50 pa chaka a VOC, ndiwo mankhwala ouluka ochokera mu penti, vanishi ndi thinazi. Komanso matani 10 a mankhwala amodzi a m'gulu la oopsa kwambiri, kapena matani 25 onse pamodzi.

Bambo aja anali synthetic minor kuyambira kalekale, ndipo sankadziwa n'komwe kuti mawuwo akutanthauzanji. Nthawi ya $375 panalibe chifukwa chodziwira, popeza magulu onse awiri ankalipira mofanana.

Chosankha choyamba: kulipira

Iwo ankafuna kungolisiya pepalalo m'dirowa mpaka titamvetsa. Ndinawakaniza. Ndalama ya 2021 inkayenera kulipiridwa pofika pa 17 March, ndipo malamulo a chigawochi amati wochedwa kulipira amawonjezeredwa chindapusa cha theka la ndalamayo, kuphatikizapo chiwongoladzanja, ndipo chilolezo chikhoza kuimitsidwa. Kukangana za gulu lako sikuimitsa wotchi imeneyi. Ndinawachenjezanso za chinthu chomwe ambiri sanachione: ndalama ya chaka chotsatira imalipiridwa pofika pa 31 December, kutanthauza kuti mu 2021 mokha atulutsa $8,000. Pamenepo pa foni panati zii kwa kanthawi. Kenako anati, "Bwerani mudzaone nokha zomwe ndikulipirirazi."

Zomwe ndinapeza

Chilolezo chawo chinali ndi zipinda ziwiri zopoperamo. Choyamba chinali chakale, cha vanishi wa thinazi, uja wosakaniza ndi mankhwala oumitsira amene amatulutsa mpweya woipa wotchedwa formaldehyde pouma. Chachiwiri chinali mzere watsopano wa penti wa madzi, wokhala ndi uvuni woumitsira kumapeto kwake. Nditafika, a kapitawo anandionetsa mzere watsopanowo ukugwira ntchito, zitseko za makabati zikuyenda pa lamba kulowa mu uvuni. Nditafunsa za chipinda chakale anaseka, n'kunditengera kuseri. Chitseko chinali chotsekedwa ndi mulu wa mapaleti. Titachotsa awiri atatu ndinasuzumira: m'katimo munali makatoni a mahinjesi, makina ometera udzu ndi mipando yosweka. Zosefera za pakhoma zinali zitauma gwa, fumbi la matabwa lili mbuu pansi, popanda phazi la munthu. Lamba wa fani anali atachotsedwa kukaikidwa pa makina ena.

"Chinasiya liti kugwira ntchito?"

"Chitangobwera chatsopanochi. Zaka zitatu zakwana."

Ndinalemba zimenezo m'kabuku, koma kunena zoona tanthauzo lake sindinalione tsiku limenelo. Maso anga anali kwina. Ndinkaganiza za njira yaikulu kuposa: DEP ili ndi mndandanda wa mafakitale omwe safunika n'komwe chilolezo chogwirira ntchito, ndipo pa VOC muyeso wake ndi wakuti zomwe ukutulutsadi zikhale pansi pa matani 8 pa chaka. Kupanda chilolezo ndiye kuti palibenso ndalama ya chaka ndi chaka.

Mabuku a penti ankasunga ndi mwana wawo wamkazi, yemwenso amayang'anira za malipiro a antchito. Anali osamala kwambiri, mwezi ndi mwezi, magaloni onse olembedwa. Koma ndinaona kuti nambala ya VOC yomwe ankachulukitsa nayo magaloniwo inali ija yolembedwa pa chitini, yowerengedwa atachotsamo madzi. Nambala imeneyo ntchito yake ndi kuyerekeza penti ndi malire a lamulo, ndipo pa penti wa madzi imakhala yaikulu kuposa VOC yomwe ili mu galoni leniteni. Pofuna kudziwa kulemera kwa zomwe zauluka, pamafunika VOC ya mu galoni monga momwe lilili, madzi ali momwemo. Iwo kwa zaka zitatu ankadzinenera zochuluka kuposa zomwe ankatulutsa. Ankawerengeranso acetone wotsukira zopopera, pamene acetone anachotsedwa pa gulu la VOC mu 1995.

Nditakonza ziwirizi nambala inagwa kwambiri, mpaka pansi pa matani 8. Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Madzulo omwewo ndinawaimbira bambo aja n'kuwauza kuti zikuoneka ngati chilolezo sachifunikanso. Ndinathamangira kupereka uthenga wabwino ndisanaone malisiti ogulira katundu. Ndinadalira buku la penti lokha.

Malisiti atabwera sabata yotsatira, munatuluka zinthu ziwiri zomwe m'bukumo munalibe. China chinali mankhwala opaka matabwa kuti asinthe mtundu, omwe amapakidwa ndi nsanza patebulo chitseko chisanalowe mu mzere. Amenewa anali a thinazi, ndipo sankalembedwa chifukwa "sapoperedwa". China chinali guluu womatira zokutira pamwamba pa matebulo a kukhitchini, wogulidwa m'zitini zikuluzikulu kwa wogulitsa wina, ndipo malisiti ake ankapita m'fayilo ya zida osati ya penti. Nditaphatikiza zonse, zaka ziwiri mwa zitatu zinali pamwamba pa matani 8, chachitatu chili pansi pang'ono, ndipo chimenecho chinali 2020, chaka cha mliri wa Covid-19 pamene ntchito inaima kwa kanthawi.

Kubwerera kwa bambo aja kunali kowawa. Anandifunsa funso lomwe ndinkaliyembekezera: "Nanga guluuyo titangomusiya osamulemba, ndani angadziwe? Ndi inu nokha mwamuona." Sanafunse mwachinyengo, anafunsa ngati munthu amene wangolandidwa chinthu chomwe anali atachigwira kale m'manja, ndipo amene anawapatsa chinthucho ndi ine. Ndinawauza kuti fomu imasainidwa ndi iwo, kutsimikiza kuti zolembedwazo ndi zoona, ndipo woyendera aliyense wodziwa ntchito akalowa m'fakitale ya makabati chimodzi mwa zoyamba kufunsa ndi guluu. Ndinawauzanso kuti ngakhale tikanakhala pansi pa matani 8 mwachilungamo, kukhala pafupi choncho ndi malire n'kugona pamphepete pa bedi: oda imodzi yaikulu, mwapezeka mukugwira ntchito popanda chilolezo. Sanayankhe. Patapita masiku mwana wawo ananditumizira buku latsopano, lili ndi mizere iwiri yowonjezera, wa guluu ndi wa zopaka ndi nsanza.

Kwa anzanga: buku la penti limakuuzani zomwe fakitale ikuganiza kuti ndi penti. Malisiti ndiwo amakuuzani zomwe zinalowa pa geti. Kuyambira nthawi imeneyo sindinenanso nambala kwa kasitomala, ngakhale mongoyerekeza, ndisanaone zonse ziwiri.

Chipinda cha mapaleti

Njira yothawiratu chilolezo itatsekeka, ndinabwerera ku funso lomwe ndikanayenera kuyamba nalo: n'chifukwa chiyani fakitaleyi ili synthetic minor? Ndinapempha fayilo yakale ya chilolezo, pamodzi ndi malongosoledwe omwe injiniya wa boma analemba pochipereka. Munali momveka: PTE inkapitirira matani 50 chifukwa cha chipinda chakale chija. Chopopera cha m'manja, vanishi wa thinazi, maola 8,760, nambala imakwera msanga. Malire onse a m'chilolezo, a magaloni pa miyezi khumi ndi iwiri ndi malipoti ake, anaikidwa kuti amange chipinda chimenecho.

Apa ndinakumbukira zaka zitatu za a kapitawo zija. Malamulo a Pennsylvania ali ndi ndime ya makina omwe aima kwa chaka kapena kuposerapo. Kuti udzawadzutse popanda kuyambiranso ngati atsopano, umayenera kuti m'kati mwa chaka choyambacho upereke dongosolo losonyeza momwe ukuwasamalira, ndipo uziwasamaliradi. Bambo aja sanapereke kalikonse, ndipo lamba wa fani anali kale pa makina ena. Kutanthauza kuti chipinda chomwe chinkawaika m'gulu la $4,000 sakanatha n'komwe kungochiyatsa mawa mwalamulo. Ankalipirira ufulu womwe anautaya kale osadziwa.

Komabe kuchotsa chipindacho sikunali kokwanira pakokha. Tinayenera kusonyeza kuti mzere watsopano, popanda malire olembedwa, sungafike matani 50. Anthu ambiri amagwa apa. Amati "timagwiritsa ntchito penti wa madzi", koma ngati makinawo angathe kupopera wa thinazi, PTE imawerengedwa ndi wa thinaziyo, popeza chizolowezi si malire. Chomwe chinatipulumutsa ndi kapangidwe ka makina. Buku la opanga uvuniwo linanena kuti sunapangidwire nthunzi zoyaka moto, choncho vanishi wa thinazi sangalowemo. Ndipo liwiro la lamba lili ndi polekezera, chifukwa chitseko chiyenera kukhala mu uvuni mphindi zokwanira kuti chiume. Kuchokera pamenepo tinawerengera zitseko zochuluka zomwe zingadutse pa ola, penti wochuluka yemwe chitseko chingalandire, kenako maola 8,760. Zopaka ndi nsanza tinaziwerengera molingana ndi zitseko zomwezo, ngati kuti chilichonse chimapakidwa. Guluu tinamuwerengera payekha, pa mphamvu yonse ya tebulo lomatira. Zonse pamodzi zinakhala pansi pa matani 50, mpata wokwanira ulipo.

Pa mankhwala oopsa ndinapempha mapepala atsopano a penti aliyense kwa wogulitsa, osadalira omwe anali m'fayilo. Penti wa madzi si madzi okhaokha. Mumakhala mankhwala otchedwa ma glycol ether, ena ali pa mndandanda wa oopsa, ena ayi. 2-butoxyethanol mwachitsanzo anachotsedwapo mu 2004 koma akadali VOC. Awiri mwa mapenti awo anali atasinthidwa kapangidwe chiyambireni mzerewo. Sizinasinthe mapeto, koma tikanatumiza nambala za mapepala akale tikanabwezedwa.

Nthawi yake

Funso lotsatira linali lakuti tipemphe liti. Chilolezo chimakhala zaka zisanu, ndipo chawo chinkatha mu 2023. Pempho lochikonzanso limaperekedwa pakati pa miyezi 18 ndi miyezi 6 chisanathe, ndipo pansi pa mitengo yatsopano ya 2021 linkalipiridwa $2,100, yomwe akanalipirabe mulimonse. Kupempha kusintha chilolezo pakati pa ulendo kuli ndi ndalama yakeyake, kuwonjezera pa malipiro anga, ndipo panalibe chitsimikizo choti yankho lidzabwera 31 December isanafike. Titaika pa pepala, phindu lothamangira linali laling'ono kwambiri. Tinagwirizana zodikira kuti zonse zilowe pamodzi ndi pempho lokonzanso, n'kulipereka msanga nthawi yake ikangotseguka.

Ndisanalembe kalikonse ndinaimbira injiniya wa ku ofesi ya DEP ya derali n'kumufotokozera zomwe tikufuna kuchita. Mphindi makumi awiri zimenezo zinatithandiza kuposa sabata yolemba. Ananena mosabisa kuti mapaleti pakhomo si umboni woti chipinda chatha ntchito: akufuna kuona magetsi atadulidwa, fani ndi mapaipi a mpweya atachotsedwa, bowo la padenga litatsekedwa, ndi zithunzi zokhala ndi tsiku.

Apa bambo aja anazengereza, ndipo ndikuwamvetsa. Chipindacho anachimanga okha ndi malemu bambo awo. Koma panalinso chifukwa cha bizinesi, chomwe ndinachimva koma sindinachipatse kulemera kokwanira. Anati, "Alipo makasitomala ena safuna kumva za penti wa madzi. Tsiku lina adzabwera." Ndinawayankha kuti ngakhale atabwera, chipindacho sichingadzuke popanda chilolezo chomangira, chomwe nthawi imeneyo poyambira chinali $2,500, ndipo akachiunika adzachiyeza ndi muyeso wa makina atsopano. Zinali zoona. Anavomera, ndipo a kapitawo ndi anyamata awiri anachiphwasula Loweruka lina.

Zomwe zinatsatira

Pempho linapita mu 2022. Kunabwera mafunso kawiri, onse okhudza guluu: ankafuna kudziwa chomwe chikuletsa fakitaleyi kuika tebulo lachiwiri lomatira. Tinayankha kuti palibe choletsa kupatula malo, koma likadzaikidwa lidzakhala gwero latsopano lofunika kuunikidwa palokha. Woyendera anabwera, anayang'ana padenga, anajambula pomwe panali fani. Mu December 2022 chilolezo chatsopano chinali chisanatuluke, choncho analipiranso $4,000 kachitatu, kuwerengera ndi ya March ija. Zonse pamodzi zinakwana $12,000, ndipo bambo aja sanalephere kundikumbutsa. Chilolezo chinatuluka mu 2023 chili cha natural minor. Mu December chaka chimenecho analipira $2,000, ndipo pa mitengo ya 2026 gawo lawo ndi $2,500 m'malo mwa $5,000. Malire a magaloni anachoka. Buku la mwezi ndi mwezi mwana wawo akulisungabe, chifukwa chilolezo chikufunabe kaundula wa zomwe agwiritsa ntchito, komanso iye anati wazolowera.

Ndikawerengera malipiro anga, ntchito yophwasula ndi kutseka denga, ndalama yomwe anapulumutsa inatenga pafupifupi zaka ziwiri kuti ibweze zomwe anawononga. Kwa fakitale yomwe chilolezo chake changokonzedwa kumene, kapena yomwe PTE yake ili pafupi ndi malire, masamu omwewa akhoza kunena kuti khalani momwe mulili.

Chaka chotsatira kasitomala uja anabweradi. Kontrakitala wina wokonza hotela ankafuna makabati ambiri, ndipo m'mapepala ake munalembedwa vanishi wa thinazi, osasintha. Bambo aja anandiimbira kufunsa ngati pali njira. Yomanga chipinda chatsopano inalipo, koma chilolezo chomangira sichikanatuluka m'nthawi yomwe kontrakitalayo ankafuna, ndipo chikanawabwezeranso m'gulu la synthetic minor. Anasankha kupanga makabatiwo okha n'kuwatumiza kwa mnzawo wa fakitale ina, yemwe ali ndi chipinda chololedwa, kuti akawapopere. Phindu la odayo linachepa ndi ndalama yoposa yomwe anapulumutsa pa chilolezo chaka chimenecho. Anandiuza zimenezi ali chiimire pamalo pomwe panali chipinda chakale, pamene pano anaikapo makina osalazira matabwa, kenako anandifunsa ngati makinawo nawonso akufunika kulembedwa m'chilolezo. Ndinawauza kuti anditumizire buku lake ndi la chosefera fumbi.